Zitsulo za mumsana mwanga zinalibe mlandu

Patatha miyezi 14 chichitireni opaleshoni ya msana, ndinayambanso kuvala nsapato nditakhala pabedi, mwendo n'kumaukweza ndi manja. Bambo a kunyumba ndi amene anayamba kuziona. Sanalankhule kanthu, anangogwada n'kundimangira zingwe, ndipo tonse tinadziwa kuti tabwereranso kumene tinachokera.

Opaleshoni yanga inali yolumikiza mafupa awiri a m'munsi mwa msana, amene madokotala amawatchula kuti L4 ndi L5. Mafupa a m'chigawo chimenechi alipo asanu, ndipo amawawerenga kuchokera kumtunda. La L4 linali litatsetserekera kutsogolo n'kumapana mitsempha yopita kumwendo, moti ululu unkatsika kuchokera m'thako mpaka kuchala chachikulu. Anandiika masikuluwu anayi, timitengo tiwiri tachitsulo cha titanium, ndi kachipangizo kena pakati pa mafupawo pamene anachotsa disc, kakhushoni kamene kamakhala pakati pa mafupa a msana. Anthu ambiri amaganiza kuti zitsulozo ndiye mankhwala ake. Ayi. Ntchito yake ndi kugwira mafupa kuti asagwedezeke mpaka fupa latsopano litamera n'kuwagwirizanitsa kukhala chinthu chimodzi. Zimenezi zimatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka kapena kupitirira.

Mwendo unachira. Pa zimenezo sindinganame. Ndinabwerera kuntchito yanga yauphunzitsi ndipo kwa miyezi ingapo ndinaiwala zoti ndili ndi zitsulo. Kenako kunabwera ululu wina, wosiyana ndi woyamba uja. Uwu unkakhala pamsana penipeni, chakumanja pang'ono, pamwamba pa chipsera. Sunkatsika kupitirira bondo. Unkakula ndikaimirira nthawi yaitali, ndikapindikira chakumbuyo polemba pamwamba pa bolodi, ndiponso m'mawa podzuka. Ndikakhala pansi n'kuweramira kutsogolo unkachepako.

Ine mumtima ndinali nditagamula kale mlandu: sikuluwu yamasuka. Usiku ndikatembenuka ndinkachita kumvetsera ngati pali chimene chikulira mkatimo.

Dokotala woyamba amene ndinamuona anandijambula X-ray, n'kuikweza m'mwamba, n'kunena kuti zonse zili m'malo mwake. "Amayi, mwina mukungoganiza kwambiri," anatero. Mawu amenewa anandipweteka kuposa msanawo. Munthu ukachitidwa opaleshoni yaikulu n'kubweranso ukudandaula, umaoneka ngati wosayamika, ndipo pang'ono ndi pang'ono umayamba kudzikayikira wekha. Ndinapirira miyezi ina iwiri ndisanabwerere kwa adokotala amene anandichita opaleshoni, ndipo ndimadandaula nayo miyezi imeneyo.

Iwo sanafulumire. Anandijambulitsa X-ray ina nditawerama kutsogolo, ina nditapindikira kumbuyo, kuti aone ngati mafupa awiriwo akusunthabe. Sanaone kusuntha. Anayeza magazi, CRP ndi ESR, zimene zimakwera thupi likakhala ndi kutupa kapena tizilombo, ndipo zinali bwinobwino. MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, inaonetsa kuti mitsempha ili pamtendere, koma pafupi ndi zitsulo chithunzi chinali chosokonezeka, chamithunzimithunzi, chifukwa chitsulo chimasokoneza maginito a makinawo. Titanium amasokoneza pang'ono poyerekeza ndi zitsulo zina, komabe amasokoneza. Kuwonjezera apo, msana wa munthu wa zaka 54 uli ngati nyumba yakale. Ukaiyang'anitsitsa upeza ming'alu paliponse, koma sungadziwe kuti mvula ikudonthera pa uti.

Adokotala anandiwerengera ndi zala zinthu zimene ankazikayikira. Mwina fupa silinagwirane bwinobwino. Mwina sikuluwu ikugwedera m'fupa. Mwina malo olumikizira mafupa a pamwamba pa zitsulo atopa chifukwa akusenza ntchito ya anzawo amene anaumitsidwa. Mwinanso vuto lili pamene msana umakumana ndi fupa la chiuno. "Zonsezi zimapweteka mofanana," anatero. "Sindikufuna kukutsegulaninso mongolota. Ndikutumizani ku nuclear medicine akapange bone scan, ya SPECT/CT."

Nditafika kunyumba n'kutchula mawu oti nyukiliya, bambo anasiya zimene ankachita. Iwo mawuwo amawadziwa pa nkhani ya bomba la ku Hiroshima mu 1945 basi. "Ndiye akuthireni zimenezo m'thupi?" Ndinalibe yankho, choncho ndinakhala usiku ndikuwerenga pa intaneti, kenako mafunso otsala ndinakafunsa kuchipatala. Zimene ndinamva ndi izi.

X-ray ndi CT, imene ndi X-ray yojambula thupi m'magawomagawo, zimaonetsa mmene fupa likuonekera. Bone scan imaonetsa zimene fupa likuchita. Fupa si mwala, ndi chinthu chamoyo chimene chimagumulidwa ndi kumangidwanso tsiku ndi tsiku. Pamalo pamene lavulala, likukhuzana ndi linzake, kapena likulimbana ndi chitsulo chogwedera, ntchito yomangayo imachuluka ndipo magazi amafikapo ambiri. Ndiye amakubaya jakisoni wa mankhwala amene amakonda kukakamira pamalo otere. Mankhwalawo, amene amatchedwa MDP kapena HDP, amawamangirira ku kanthu kotulutsa cheza kotchedwa technetium-99m. Chezacho chimatuluka m'thupi mwako, kamera n'kumachiwerenga. Apa ndiye panandidabwitsa: kamera imeneyi, yotchedwa kamera ya gamma, siikuwombera kanthu. Wowala ndiwe, iyo imangoyang'ana. Kamera yamtunduwu anaipanga ndi Hal Anger cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo technetium-99m anaitulukira ndi Emilio Segrè ndi Glenn Seaborg mu 1938, kotero si zinthu zoyeserera dzulodzuloli.

Chimene chinakhazika mtima wa bambo pansi ndi masamu. Mphamvu ya technetium-99m imatsika ndi theka pa maola 6 alionse. Pakatha maola 12 yatsala gawo limodzi mwa magawo 4, pakatha maola 24 gawo limodzi mwa magawo 16, ndipo apo sitinawerengere yambiri imene imatuluka ndi mkodzo. Cheza chonse chimene munthu amalandira pa bone scan chimakhala cha m'ma 3 kapena 4 mSv (umenewu ndi muyezo wa cheza), ndipo CT imawonjezerapo china. Munthu aliyense, ngakhale asanapondepo m'chipatala, amalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumlengalenga. Sindikunena kuti ndi zosewera nazo. Si chinthu chopempha chaka chilichonse ngati kuyezetsa maso. Koma poyerekeza ndi kutsegulidwanso msana popanda kudziwa chimene akukafuna, ine ndinaona kuti kusankha kwake n'kosavuta.

Kufupika kwa moyo wa mankhwalawa kuli ndi mbali ina yofunika kuidziwa. Sasungika pashelefu. Amawakonza m'mawa wa tsiku lomwelo, kuchokera m'chipangizo chokhala ndi molybdenum-99, imene nayonso imatha mphamvu ndi theka pa maola 66. N'chifukwa chake amaumirira kwambiri pa nthawi. Ukachedwa, jakisoni wako amakhala akufooka akukudikira.

Tsikulo sanandiletse kudya. Mnyamata amene anandilandira anali ndi fomu ya mafunso, ndipo atafika pa funso lina anachita kamanyazi. "Amayi, pepani, timafunsa aliyense. Simuli oyembekezera? Simukuyamwitsa?" Ndinaseka n'kumuuza kuti woyamwitsa ndi mwana wanga, ine ndine agogo. Koma funsolo si lanthabwala. Mayi woyembekezera, kapena amene akukayikira, ayenera kunena asanabayidwe. Anandifunsanso tsiku lenileni la opaleshoni, ngati ndinagwapo kapena kuthyokapo fupa, ndi pamene pakupweteka. Ndinaloza ndi chala chimodzi, iye n'kulemba chizindikiro pa kachithunzi ka munthu kamene kanali pafomupo.

Jakisoni anabwera naye m'kabokosi kolemera, ndipo sirinji yake inali itavekedwa chikopa chachitsulo. Zimenezo zinandiopsa pang'ono, mpaka anandifotokozera kuti chikopacho n'choteteza zala zake, poti iye amagwira mankhwalawa tsiku lonse, chaka chonse. Anandibaya pamtsempha wa padzanja nditagona kale pansi pa kamera, chifukwa ankafuna zithunzi za mphindi zoyambirira zoonetsa mmene magazi akuyendera pamsanapo. Zithunzi zimenezi zimathandiza pamene akukayikira tizilombo kapena kutupa kwatsopano. Ndinkayembekezera kumva kutentha, chizungulire, kapena kukoma kwachilendo m'kamwa. Sindinamve kalikonse kupatula kulasa kwa singano.

Kenako anandiuza kuti ndibwerenso pakatha maola atatu, ndizimwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi. Madziwo ali ndi ntchito ziwiri: amachotsa mankhwala amene sanakakamire kumafupa kuti chithunzi chiyere, komanso amachepetsa nthawi imene chikhodzodzo chikusunga chezacho. Tengani buku, kapena chilichonse chotayitsa nthawi. Maola atatu pabenchi ya chipatala ndi msana wopweteka ndi ambiri, moti ine ndinkangoyendayenda m'khonde.

Pabenchipo ndinacheza ndi bambo wina wachikulire amene nayenso anali ndi zitsulo, iye kuyambira L4 mpaka S1, fupa la pansi pa L5. Tinayerekeza zipsera ngati asilikali opuma. Anali wosuta fodya, ndipo anandiuza yekha kuti madokotala anamuchenjeza kuti fodya amalepheretsa fupa kugwirana, koma anasiya milungu itatu yokha. Ndidzam'tchulanso.

Nthawi itakwana anandiuza kuti ndikakodze kaye, ndivule lamba ndi ndolo, ndichotse makiyi m'thumba. Bedi lake ndi lopapatiza ndiponso lolimba. Makamera awiri aakulu, afulati, anayamba kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Imodzi inatsika pafupi kwambiri ndi nkhope yanga moti mpweya wanga unkandibwerera, koma sinandikhudze, ndipo itadutsa pachifuwa ndinayambanso kuona denga. Amene anavutikapo ndi phokoso ndi kupanikizika kwa MRI asade nkhawa, kuno kuli zii ndipo m'mbali ndi motseguka. Zitatha izi makamera anayamba kuzungulira chiuno changa, kuima pang'ono, kusuntha, kuimanso. Imeneyo ndiye SPECT, yojambula kuchokera mbali zonse kuti kompyuta ithe kuonetsa msana m'magawomagawo. Pomaliza bedi linalowa m'kati pang'ono n'kupanga CT, imene sinatenge nthawi. Zonse pamodzi zinakwana pafupifupi ola.

Chovuta pa zonsezi chinali chimodzi: kugona chagada osagwedezeka. Ululu wanga unali wa mtundu umene umakula msana ukawongoka, ndiye pofika mphindi 20 misozi inali ikutsikira m'makutu. Ndinachita manyazi kulankhula. Mnyamata uja ataona anaimitsa kaye pakati pa zigawo ziwiri n'kundiika pilo pansi pa mawondo. "Mukanandiuza poyamba paja, amayi." Inde, ndikanamuuza. Pemphani piloyo musanayambe, ndipo funsani ngati mungamwe mankhwala anu opha ululu nthawi yojambula isanakwane. Ine anandiuza mochedwa kuti zinali zololedwa.

Podzuka ndinachita chinthu chimene ndikukuletsani. Ndinaba ndi diso pa kompyuta. Ndinaona mafupa anga onse, kamunthu kotuwa, ndipo m'munsi mwa mimba munali chibanga chachikulu chakuda bii. Kumtunda kunali mabanga ena awiri, ndi kena kakang'ono panthiti. Ndinkadziwa kuti bone scan amaigwiritsanso ntchito pofufuza khansa imene yafalikira m'mafupa. Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera ndipo sindinauze munthu.

Madzulo ake mwana wanga anabwera ndi khanda lake la miyezi isanu. Anali atandilangiza kuti tsiku limenelo ndisafukate mwana wamng'ono nthawi yaitali, choncho ndinakhala kumpando wa patali, kamwanako kakutambasula manja, ine n'kumangokagwedezera dzanja. Mwana wanga ankaganiza kuti ndikulira chifukwa cha zimenezo.

Masiku asanu ndi limodzi ndinakhala ndi chibanga chija mumtima. Nditakumana ndi adokotala, ndisanakhale n'komwe pansi, ndinawafunsa za icho. Anatembenuza kompyuta. "Ichi? Ndi chikhodzodzo chanu, mayi. Mankhwala amatulukira mumkodzo. Awiriwa ndi impso. Zikanapanda kuoneka m'pamene ndikanada nkhawa." Nanga kapanthiti? Anandifunsa ngati ndinagwapo. Ndinakumbukira kuti miyezi ingapo m'mbuyomo ndinaterereka kubafa n'kumenyetsa nthiti, zimene ndinaiwala kumuuza mnyamata wa fomu uja. CT inaonetsa kamng'alu kakupola. Sikankapweteka n'komwe.

Kenako anatsegula zithunzi zimene ndinapitira. Apa m'pamene ndinaona phindu lophatikiza ziwirizi. CT inali yotuwa, yoonetsa fupa lililonse ndi sikuluwu iliyonse, ndipo pamwamba pake anaikapo mitundu ya SPECT. Anayenda nane sikuluwu imodziimodzi. Sikuluwu yogwedera, anatero, imasiya kampata kakuda kozungulira pa CT, ndipo fupa la m'mbali mwake nthawi zambiri limawala chifukwa likuvutitsidwa. Zanga zonse zinayi zinali zozizira, fupa litazigwira nganganga. Pakati pa L4 ndi L5 panali mlatho wa fupa wooneka bwino, wongowala pang'ono. Opaleshoni inagwira. Atakwera fupa limodzi, kumanja, panali kadontho kowala ngati khala la moto. Anati ndi facet ya pakati pa L3 ndi L4, kamodzi mwa timalo ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa msana pamene fupa la pamwamba limakumana ndi la pansi. Popeza pansi pake pauma, ntchito yopinda ndi kupotoloka yambiri inasamukira pamenepo. Kadonthoko kanali ndendende pamene ndinaloza ndi chala.

Ndinkafuna kudumpha. Adokotala anandibweza. "Makinawa saona ululu," anatero. "Amaona pamene fupa latanganidwa. Nthiti yanu ikuwala koma sikupwetekani. Kadontho aka kakutiuza koyambira, sikanatiuze kuti tafika." Mawu amenewa ndi amene ndimafuna aliyense wopita kukapanga bone scan awamve. Imagwira zinthu zambiri, koma payokha siitha kusiyanitsa bwino nyamakazi, kuthyoka, tizilombo ndi kupola wamba. N'chifukwa chake amaiwerenga pamodzi ndi CT, magazi, ndi nkhani ya wodwalayo.

Njira yotsimikizira inali jakisoni wina. Akuyang'ana pa X-ray, anabaya mankhwala ochititsa dzanzi pa timitsempha ting'onoting'ono timene timanyamula ululu kuchokera pa facet imeneyo. Anandipatsa pepala loti ndizilemba ola lililonse kukula kwa ululu, kuyambira 0 mpaka 10, ndipo anandiuza kuti ndisakagone, ndikachite zinthu zimene zimandipweteka. Ndinakaima kukhitchini, kupindikira kumbuyo, kufikira zinthu pashelefu yapamwamba. Ndinali nditalemba 7 m'mawa. Patatha ola ndinalemba 1. Pofika usiku dzanzi litatha ndinabwerera pa 6, ndipo anandiuziratu kuti zidzatero. Anabwerezanso tsiku lina kuti atsimikize kuti sizinangochitika mwamwayi, zotsatira n'kukhala zomwezo. Atatero m'pamene anawotcha timitsemphato ndi singano yotentha, njira imene amaitchula kuti radiofrequency ablation, n'kunditumiza ku mafizo kukalimbitsa minofu ya pamimba ndi m'chiuno.

Bambo wa pabenchi uja ndinakumana nayenso kumafizo patapita miyezi. Zake zinatuluka mosiyana ndi zanga. Masikuluwu ake a pansi, a mu S1, ankawala mozungulira, CT inaonetsa kampata kaja, ndipo fupa linali lisanagwirane. Anamuchitanso opaleshoni. Tinagona pabedi limodzimodzi, tsiku limodzi, ndi dandaulo lofanana, koma wina anapita ku fiyeta, wina anangobayidwa singano. Fodya anali atasiya.

Ndinafunsa adokotala chifukwa chake sananditumize msanga. Yankho lawo ndi loyenera kulidziwa musanakakamize dokotala wanu. Chaka choyamba pambuyo pa opaleshoni, malo onse amene anagwirapo amawala ndithu, chifukwa fupa lili pa kalikiliki kupola. Ukajambula pa miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, upeza moto paliponse ndipo sudziwa kuti wabwino ndi uti, woipa ndi uti. Chithunzi chimayamba kulankhula zomveka chaka chikadutsa, ndipo ngakhale pamenepo wowerenga ayenera kudziwa tsiku la opaleshoni. Tengani makalata anu onse ndi zithunzi zakale.

Komanso si ululu uliwonse umene njirayi ingaupeze. Siona mitsempha, siona disc imene yatuluka, siona zipsera za mkati zimene zamata mtsempha. Ngati ululu wanu ukutsika ndi mwendo mpaka kuphazi, ndi dzanzi kapena kuyaka, MRI ndi imene imayankha bwino funso limenelo. Ena amajambulidwa n'kupezeka kuti palibe powala paliponse. Zimenezo sizitanthauza kuti akunama. Zimangosonyeza kuti mwina gwero lake si fupa, ndipo zingawapulumutse ku opaleshoni imene sikanawathandiza. Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku la scan iliyonse: mwendo ukayamba kufooka mwadzidzidzi, mukachita dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo kapena chimbudzi zikamatuluka zokha kapena mkodzo ukakana kutuluka, kapena thupi likatentha bala n'kumatulutsa mafinya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Sindinachire kotheratu, ndipo palibe amene anandilonjeza zimenezo. Nyamakazi ya pa facet ija ilipobe, chimene anachita ndi kudula uthenga wake. Timitsempha towotchedwa timameranso, kwa ena pakatha miyezi ingapo, kwa ena chaka chikapitirira. Panopa patha miyezi 9 chiwotchereni timitsemphato. Bolodi ndimalemba kuyambira pakati kutsika m'munsi, pamwamba ndimasiyira ana aatali. Sabata yatha ndinamva kakulasa kodziwika kaja nditanyamula mdzukulu wanga, amene tsopano akuyenda ndipo walemera. Ndinamutsitsa, n'kutenga pepala lija la manambala m'kabati, n'kulemba 3 ndi tsiku lake.